Ella Jenkins ndi ntchito yoyimbira ana: bwanji kuno siyidyetsa munthu?

Pa 9 Novembala 2024, mumzinda wa Chicago ku America, munamwalira mayi ena dzina lawo Ella Jenkins, ali ndi zaka 100. Kuno ku Kasungu zovutazi sizinamveke, ndipo n'zosadabwitsa poti nyimbo zawo sizinkaseweredwa pa wayilesi zathu. Koma kwawoko aphunzitsi a ana aang'ono, makolo ndi oyimba anzawo anawalira kwambiri. Kwa zaka zoposa 60 mayiwa anagwira ntchito imodzi yokha: kupeka nyimbo za ana, kutola nyimbo zamakolo za mitundu yosiyanasiyana, ndi kuyenda sukulu ndi sukulu kukaziyimba pamodzi ndi anawo. Sanali mphunzitsi amene amayimbako akapeza mpata, kapena woyimba wa akuluakulu amene wangoponyamo kanyimbo kamodzi ka ana m'chimbale chake. Kuyimbira ana ndiko kunkawapatsa chakudya, chovala ndi pogona.

Kwa ife izi ndi zachilendo ndithu. Malawi ndi dziko la ana. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo anali asanakwanitse zaka 18. Nyimbo za ana nazo tili nazo zambirimbiri, za pamasewera, za m'nthano, zotonthozera khanda kumbuyo. Komabe mutaima pa Chinkhoma kapena pa Nkhamenya n'kufunsa anthu kuti akutchulireni woyimba mmodzi amene amadziwika ndi nyimbo za ana basi, ambiri ayamba akanda kaye kumutu. Oyimba zauzimu akutchulirani khumi osapumira, a nyimbo za achinyamata chimodzimodzi. Moyo wa Mayi Jenkins umathandiza kumvetsa kusowa kumeneku, poti umaonetsa poyera zimene ziyenera kukhalapo kuti ntchito yotere iime payokha.

Sukulu yawo inali pabwalo la masewera

Anabadwa pa 6 Ogasiti 1924 ku St. Louis, koma anakulira kumwera kwa mzinda wa Chicago, kumene kunkakhala anthu akuda ambiri amene anachoka kumadera a kumwera kwa America pothawa tsankho ndi kusaka ntchito. Ku sukulu ya zoyimbayimba sanapiteko. Ankolo awo, a Floyd Johnson, ankaliza harmonica, kachitoliro kachitsulo kouzira pakamwa, iwo ali kamtsikana n'kumamvetsera. Nyimbo za m'matchalitchi a anthu akuda zinkamveka mpaka mumsewu. Ku holo ya Regal Theater anaonerako woyimba wotchuka Cab Calloway, amene ankaponyera gulu mawu, gulu n'kumubwezera.

Banja lawo linkasamukasamuka mumzindamo, ndipo kulikonse kumene afika ankapeza ana akudumpha chingwe ndi kuwombana m'manja ndi nyimbo zosiyanako ndi za kumene achokera. Nyimbo n'kukhala yomweyo, koma mawu ena asintha, kawombedwe ka m'manja kasintha. Mwana wokula chonchi amazindikira msanga kuti nyimbo imayenda ndi anthu ndipo imasintha m'njira. A ku Kasungu tikuzidziwa bwino izi. Kwa zaka zambiri mabanja akhala akubwera kudzalima fodya m'maesiteti kuchokera ku Mulanje, ku Phalombe, ku Machinga, ndipo ana awo amafika ndi nyimbo zawo za pamasewera, n'kudzakumana ndi za Achewa a kuno ndi za Atumbuka a cha kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba. Pofika nyengo yoti fodya apite ku okushoni, nyimbo zija zimakhala zitasakanizika kale, ndipo palibe mwana angakuuzeni kuti anayambitsa ndani.

Mu 1951 Mayi Jenkins anamaliza maphunziro a kakhalidwe ka anthu ku koleji ya San Francisco State, kumene anaphunzirakonso za kaganizidwe ka ana. Atabwerera ku Chicago analembedwa ntchito yoyang'anira zochitika za achinyamata ku bungwe lachikhristu la atsikana ndi amayi lotchedwa YWCA. Wayilesi ya kanema ya WTTW inawapatsa mpata m'pologalamu ya ana, ndipo mu 1956 anasiya ntchito ya pamwezi kuti aziyimba basi. Anali mayi wachikuda wa zaka zongopitirira 30, m'dziko limene tsankho linali lololedwa ndi malamulo m'madera ambiri. Chaka chotsatira Moses Asch, mwini kampani ya Folkways Records ku New York, anatulutsa chimbale chawo choyamba, Call-and-Response: Rhythmic Group Singing.

Wina atsogolere, gulu livomere

Njira imene inali m'chimbale choyambacho ndi imene anayenda nayo mpaka ukalamba. Wotsogolera amayimba kamzere kakafupi n'kusiya mpata. Ana amadzaza mpatawo, mwina pobwereza zomwe amva, mwina poyankha ndi mawu amodzimodzi nthawi zonse. Kungoona zimakhala ngati zopepuka, koma mkatimo mukuchitika zambiri. Mwana safunika kuidziwa kale nyimboyo, chifukwa pofika mzere wachiwiri ali kale ndi gawo lake. Kuti ayankhe pa nthawi yake ayenera kutchera khutu ndi kudikira, ndipo kwa mwana wa zaka 4 kudikira ndi luso lovuta kwambiri. Wamanyazi amabisala m'mawu a anzake mpaka atalimba mtima. Wotsogolera naye ali ndi ufulu wosintha mzere wake mmene afunira, kuikamo dzina la mwana, dzina la tsiku, nambala, pamene yankho la gulu likhala lomwelo. Zili ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi: munsi wina ukamatsika wina ukukwera, ndipo mmodzi akangofulumira kapena kuchedwa, minsi igundana.

Zida za Mayi Jenkins zinali zochepa: kagitala ka nsambo zinayi kotchedwa ukulele, harmonica, ng'oma, timitengo togogoda. M'zimbale zawo zambiri mumamveka mawu a ana wamba a m'masukulu, ena akulowa mochedwa, ena akuseka. Sankazifafaniza zimenezo. Mwana womvera kunyumba akamva mnzake akupunthwa pa mawu, amadziwa kuti nayenso akhoza kulowamo. Pogwiritsa ntchito njira yomweyi ankaphunzitsa ana moni ndi kuwerenga manambala m'zilankhulo zina monga Chisipanishi, Chiheberi ndi Chiswahili, mwana n'kumatchula mawu achilendo mosaopa chifukwa wangowamva kumene kwa wotsogolera.

Njirayi sanaipeke okha, ndipo sankabisa kumene inachokera. Inawoloka nyanja ndi anthu a mu Africa amene anagwidwa ukapolo, n'kupulumukira m'nyimbo za pantchito, za m'tchalitchi ndi za pamasewera a ana. Kwa ife ndi chinthu cha tsiku ndi tsiku moti sitichiona n'komwe. Wosimba nthano akati "Padangokhala", onse amati "Tilitonse", ndipo akapanda kuyankha nthano siyipitirira. Pakati pa nthano pamakhala nyimbo. Agogo amayamba aphunzitsa ana mawu ovomerera, kenako iwo n'kumayimba mbali ya kalulu kapena ya mwana wamasiye, ana akuthirira mang'ombe. Chimtali, chiterera, mganda, nyimbo za pamtondo, za kusiwa, za amayi a Chigwirizano, zonse zimayenda motero.

Lowani m'sukulu ya mmera mpoyamba ya kumudzi, kaya kwa Santhe kaya kwa Wimbe, cha m'ma 8 koloko m'mawa. Ana akhala pamkeka, ena akulirirabe amayi awo amene angowasiya pakhomo. Panja phala lili pamoto. Mlezi alibe gitala, alibe buku, alibe sipika. Awomba m'manja, ayambitsa nyimbo ya moni, n'kuyamba kutchula ana mmodzimmodzi. Wotchulidwayo aimirira, agwira m'chiuno, avinako pang'ono anzake akuvomera, kenako akhala pansi mano ali mbee. Kamtsikana kamene kanakana kulowa kakusuzumira pakhomo, chala chili m'kamwa, kudikira kuti dzina lake lifika liti. Likafika kalowa kokha osakakoka. Mlezi ameneyu akugwira ntchito yomwe ija Mayi Jenkins anapatsidwa nayo ulemu waukulu kwawo, ndipo alezi ambiri m'sukulu zoterezi ndi ongodzipereka.

Tsono luso tili nalo, nyimbo tili nazo. Chimene tilibe chili kwina.

Zimene zinagwiriziza ntchito yawo

Mayi Jenkins anali ndi wogula. Ku America masukulu ankaitana oyimba ndi anthu ena aluso kuti adzaonekere kwa ophunzira, n'kuwalipira. Mayiwa anayenda maulendo ataliatali otere, tawuni ndi tawuni, nthawi zina m'madera amene mahotela ndi malo odyera ankawabweza chifukwa cha khungu lawo. Nkhani ya tsankho inali pamtima pawo, moti mu 1964 anayimba pa msonkhano waukulu wa ufulu wa anthu akuda ku Chicago umene Martin Luther King Jr. analankhulapo. Ankachititsanso maphunziro a aphunzitsi, kuwaonetsa mmene angatsogolere nyimbo m'kalasi ngakhale alibe mawu okoma. Zimbale zawo zinkagulidwa kwambiri ndi masukulu ndi malaibulale, ndipo zimbale za Folkways zinkabwera ndi kabuku kokhala ndi mawu a nyimbo ndi kufotokoza kumene zachokera. Mphunzitsi ankagula chida chogwirira ntchito.

China chinali lamulo la Moses Asch. Iye ankati chimbale chikatuluka sichichotsedwa pa msika, kaya chikuyenda malonda kaya ayi. Atamwalira mu 1986, bungwe la Smithsonian la ku Washington, limene limasunga zakale ndi zachikhalidwe, linatenga zimbale zake zonse zoposa 2,000 mu 1987, n'kulonjeza kusunga lamulo lomwelo. Kwa woyimbira ana ichi ndi chinthu chachikulu. Nyimbo ya akuluakulu imaphulika mwezi uno, chaka chamawa anthu aiiwala. Ya ana imayenda pang'onopang'ono, koma omvera ake satha, poti chaka chilichonse kukubadwa ena amene sanaimvepo. Chimbale cha Mayi Jenkins cha 1966, You'll Sing a Song and I'll Sing a Song, anachimvera ana amene anadzagulira ana awo, iwonso n'kudzagulira awo, ndipo laibulale yaikulu ya boma la America, Library of Congress, inachiika m'kaundula wa zojambula zoyenera kusungidwa m'dzikolo. Mu 2004 mayiwa anapatsidwa mphoto yaikulu ya oyimba yotchedwa Grammy, yolemekeza ntchito ya moyo wawo wonse. Mu 2017, ali ndi zaka zoposa 90, anatulutsanso chimbale china.

Nanga kuno ndalama zingachokere kuti?

Mwana alibe ndalama, ndipo vuto lonse likuyambira pamenepo. Woyimba wa ku Malawi masiku ano amapeza zake makamaka pa mashowo, pa maukwati, pa zochitika za makampani, ndi m'matchalitchi ngati ali wa zauzimu. Mashowo ambiri amachitika usiku, kumalo omwera mowa, kumene mwana sayenera kupondako. Malonda a makaseti amene ankadyetsa oyimba m'zaka za m'ma 1990 anatha. Nyimbo tsopano zimayenda pa WhatsApp ndi pa memory card, ndipo anyamata obena nyimbo pamsika amakuikirani zambirimbiri pa ndalama yochepa imene woyimba saionako.

Pali bungwe la COSOMA, limene linayamba ntchito mu 1992 potsatira lamulo la umwini wa luso la 1989, ndipo pano likuyendera lamulo la 2016. Limatolera ndalama ku nyumba zoulutsira mawu, ku malo azisangalalo ndi kwa ena ogwiritsa ntchito nyimbo pa malonda awo, komanso kamsonkho ka pa zipangizo zosungiramo nyimbo, n'kugawira eni luso. Gawo lochokera ku wayilesi limatsatira kuti nyimbo yaseweredwa motani. Apa ndi pamene woyimbira ana amagwa nayo. Nyimbo yake ikachita bwino siyikhalitsa pa wayilesi. Imakakhala pakamwa pa ana a Sitandade 1 ku Chamama, pakamwa pa mlezi, pakamwa pa kamtsikana kobereka mng'ono wake popita kumjigo. Ikhoza kuyimbidwa m'boma lonse tsiku lililonse popanda kaundula aliyense wolembapo, ndipo ikafika pamenepo anthu amaiwala kuti ili ndi mwini. Woyimba wa akuluakulu akatchuka dzina lake limakula. Wa ana akapambana dzina lake limasowa.

Palinso nkhani ya umwini wa nyimbo zamakolo. Ambiri amaganiza kuti nyimbo ya m'nthano ilibe mwini, aliyense angathe kuitola n'kuigulitsa. Lamulo lathu silitero. Limati umwini wa luso lamakolo, monga nyimbo, nthano ndi magule, uli m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, ndipo sutha ngakhale papite zaka zingati. Kuyimba pamudzi kapena pophunzitsa m'kalasi palibe choletsa, koma wofuna kuchita nazo malonda ayenera kupempha chilolezo. Nyimbo yopeka wekha ndi yako moyo wako wonse, ndipo ukamwalira imatetezedwabe kwa zaka 50. Amene watenga nyimbo ya agogo ake n'kuwonjezerapo ndime ziwiri ndi gitala ali pakati pa ziwirizi, ndipo ndi bwino afike ku COSOMA asanajambule kusiyana ndi kudzakokanakokana pambuyo.

Lamulo la mudzi nalo lilipo, ndipo kwathu kuno ndi lolimba kuposa la m'mabuku. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 monga chuma cha dziko lonse lapansi, koma izi sizitanthauza kuti nyimbo iliyonse ya kudambwe kapena ya kutsimba ndi yoyenera kulowa m'chimbale cha ana. Ana amatsanzira zimene amva pabwalo gule akatuluka, ndipo palibe amawavutitsa. Munthu wamkulu kuzijambula n'kuzifalitsa m'masukulu ndi nkhani ina, yofuna kuyamba wakhala pansi ndi mafumu ndi anamkungwi. Ndiponso zina mwa nyimbo za ana zenizeni zimanyoza wolumala kapena munthu wa mtundu wina, choncho wotola ayenera kusankha. Chimene chimandidandaulitsa ndi anthu amene posankhapo amachapa nyimbo mpaka kuisandutsa ulaliki. M'nyimbo za ana zamakolo muli fisi, muli njala, muli mayi wopeza wankhanza, muli mawu opanda tanthauzo amene amangokoma pakamwa. Zimenezo ndizo zimamugwira mwana. Iye amakumana ndi mantha ali pakati pa anzake, dzanja lili m'dzanja, n'kutuluka akuseka. Mukachotsa fisi uja n'kuikapo malangizo, mwana ayimba chifukwa mwamuuza, koma mukangotembenuka asiya.

Wogula amene alipo kale ndi mabungwe. Kukagwa kolera, kukabwera katemera, kukakhala kampeni yothetsa maukwati a ana, amafuna nyimbo, ndipo amalipira. Ntchitoyi ndi yabwino, miyoyo imapulumuka nayo. Koma nyimbo zotere zimabadwira mu ofesi, uthenga uli kale papepala, woyimba n'kungouveka maimbidwe. Pulojekiti ikatha nyimbo nayo yatha. Munthu akamangopeka zoterezi amazolowera kusangalatsa wolipira, mwana n'kukhala wongolandira uthenga. Makampani ogulitsa zakumwa ndi zotsekemera nawo amadziwa mphamvu ya nyimbo pa mwana. Woyimba wina wa ana wotchuka ku Canada, Raffi, amene anabadwira ku Cairo mu 1948, amadziwika ndi kukana kuti nyimbo zake zigwiritsidwe ntchito potsatsa malonda kwa ana. Kukana kotero n'kosavuta kwa amene zimbale zake zikugulidwa. Kwa mnyamata wa pa Kasungu amene lendi yamukwanira, ndi mayesero enieni, ndipo wolowa ntchitoyi ayenera kudziwiratu pamene adzaimire.

Kalasi ya Sitandade 1

Sukulu ndiyo inayenera kukhala msika waukulu, monga zinalili kwa Mayi Jenkins. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ophunzira anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo chiyambire pamenepo makalasi a ana aang'ono akhala odzaza thothotho. Mphunzitsi amene waima kutsogolo kwa ana oposa 100 amadziwa kuti chowasonkhanitsa popanda ndodo ndi nyimbo. Polowa ayimba, posintha phunziro ayimba, ana akayamba kuwodzera ayimba. Palibe munthu m'dziko muno amene amagwiritsa ntchito nyimbo za ana kuposa iye. Koma nyimbo zimenezo amazitola yekha kwa anzake, ndipo kawirikawiri ndi zomwe zija iyenso anayimba ali mwana.

Monga phunziro, nyimbo zinalowetsedwa mu Expressive Arts pamodzi ndi masewera olimbitsa thupi, zojambula ndi zosoka, ndipo pa mayeso a Sitandade 8 zimafunsidwa papepala. Mwana akhoza kukhoza funso la zida zoyimbira asanagwirepo kaligo kapena bangwe. Mu 2014 boma linalengeza kuti Chingerezi chikhale chilankhulo chophunzitsira kuyambira Sitandade 1, ndipo makolo ambiri, makamaka amene ana awo ali m'sukulu za mkaka zolipira, amayeza ubwino wa sukulu ndi nyimbo zachingerezi zimene mwana wabwera nazo kunyumba. Sindingawaimbe mlandu, akufunira ana awo zabwino. Mayi Jenkins nawonso ankaphunzitsa nyimbo za zilankhulo zachilendo. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ankayamba afotokoza kuti mawuwa ndi a anthu akuti ndipo akutanthauza chakuti. Mwana wathu nthawi zambiri amayimba za chipale chofewa ndi nyama zimene sanazionepo, mawu ake osawamva, pamene nyimbo ya kwawo imene akanaimva yonse yatsala panja pa mpanda wa sukulu.

Ena amayesa kuthetsa vutoli pomasulira nyimbo zachingerezi m'Chichewa, koma kawirikawiri sizikoma. Mawu a Chichewa ndi ataliatali, ndipo polankhula timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Mawu athu amakweranso ndi kutsika mwa njira yawoyawo. Mukawakakamiza kulowa m'maimbidwe opekedwera chilankhulo china, amathyoka pakati, ndipo mwana amamva kuti china chake chalakwika ngakhale sangachitchule. Wopeka wabwino amayamba walankhula mzerewo mokweza kangapo, n'kumva kumene mawu akukwera okha, maimbidwe n'kutsatira pambuyo. Ali ndi chuma chimene Chingerezi chilibe chochuluka chotero, ndicho mivekero: gubudu, phwii, tswee, nyang'anyang'a. Mwana wa zaka 3 amagwira mvekero asanagwire chiganizo. Nyimboyo ikhale ndi chochita, kulumpha, kuwomba m'manja, kunjuta, kuloza mnzako. Ndipo bambo woyimbira ana aphunzire kuyambira nyimbo m'mwamba, chifukwa akaiyambira pansi pamene mawu ake amakhala bwino, ana amangong'ung'udza osaipeza.

Pologalamu ya Tikwere, imene inkaulutsidwa pa MBC n'kumamvedwa m'makalasi pa wayilesi zimene masukulu analandira, inaonetsa kuti nyimbo imodzi ikhoza kufika m'masukulu a dziko lonse m'mawa umodzi. Ndipo kuno tili ndi mwayi umene maboma ena alibe, ndiwo koleji ya aphunzitsi ya Kasungu. Wophunzira aliyense amene atuluka pamenepo adzaima kutsogolo kwa ana mazanamazana pa moyo wake wa ntchito. Ine ndimaona kuti woyimba amene waphunzitsa nyimbo 20 zabwino kwa kalasi imodzi ya aphunzitsi wafikira ana ambiri kuposa amene nyimbo yake yakhala pa wayilesi mwezi wathunthu. Funso lovuta ndi lakuti amulipira ndani, ndipo yankho lake lili kwa a unduna wa maphunziro ndi mabungwe amene amathandiza za kuwerenga. Ndalama zimene zimapita ku mabuku a ana ndi zambiri. Kagawo kochepa chabe katapita kwa opeka ndi otola nyimbo, n'kumawalipira monga amalipirira olemba mabuku ndi ojambula zithunzi zake, ntchitoyi ikhoza kuyamba kuoneka ngati ntchito.

Kusunga nakonso n'kofunika, chifukwa usiku wa nthano ukucheperachepera. Ana amene kale ankasewera pamwezi tsopano amaunjikana pa foni imodzi kapena ku vidiyo. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo zamakolo, ndipo zimene anajambula zikusungidwa ku International Library of African Music pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. MBC, imene inayamba mu 1964, ili ndi nkhokwe yake ya matepi akale. A National Library Service nawo akhala akujambula nthano m'maboma osiyanasiyana. Zonsezi ndi zabwino, koma mlezi wa kwa Chulu sangazipeze. Chimene Folkways inachita bwino n'chakuti mphunzitsi wofuna chimbale cha zaka 40 zapitazo ankatha kuchiitanitsa n'kuchilandira. Kwa ife mwina izi zikutanthauza nyimbo zojambulidwa bwino zoti zitumizike pa foni wamba, ndi kapepala kosindikizidwa kokhala ndi mawu ake ndi kavinidwe kake, kopezeka pa TDC iliyonse kumene aphunzitsi amakumana.

Mnyamata kapena mtsikana wa kuno amene ali ndi gitala kapena banjo ya chigubu, n'kufuna kuyesa njira imeneyi, asayambire ku situdiyo. Ayambire kwa agogo ndi kwa alezi, foni ili m'manja, apemphe kuti amuyimbire. Alembe mudzi, alembe amene wamuyimbira ngati walola, alembe kuti nyimboyo imayimbidwa pochita chiyani. Kenako apite nazo kwa ana, atapempha kwa ahedi kapena kwa komiti, pamodzi ndi zake zopeka yekha, aone zimene akuvomera. Mzere umene ana apunthwapo kawiri ndi wautali, audule. Nyimbo imene waipeza akuyimba okha pa bureki, popanda wamkulu pafupi, imeneyo ndiyo ajambule. Ndalama zoyamba zingachokere ku sukulu za mkaka zolipira za pa boma, ku zochitika za Sande sukulu, ku mapwando otsekera teremu, ku mwambo wa tsiku la mwana wa mu Africa pa 16 Juni, ndi ku wayilesi za m'madera zimene zili ndi mapologalamu a ana. Ndi ndalama zochepa, choncho pa zaka zoyamba ntchito ina yapambali ikhalepo. Mayi Jenkins nawo anakhala zaka zingapo ku YWCA, akuyesa nyimbo zawo pa ana ndi achinyamata, asanalimbe mtima kusiya malipiro a pamwezi.